Antchito a m'mafakitale, lembani maola anu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yathu yokondedwayi pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere. Iyi ndi nkhani ya mikangano ya ndalama za ovataimu pakati pa mabwana ndi ana athu amene amagwira ntchito m'mafakitale a fodya. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala kuno kwa Lukwa m'boma la Kasungu. Sindine loya, koma masamu ndinawaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti mbali yaikulu ya mkanganowu ndi masamu basi.

Anthu a m'tauni mwina sadziwa kuti kuno kwathu fodya timamudya kawiri. Poyamba timamudya m'munda, kwa iwo amene ali ndi malo ndi feteleza. Kachiwiri timamudya kudzera mwa anyamata ndi atsikana athu amene msika ukatsegulidwa amanyamuka kukafuna ntchito ku msika wa Chinkhoma kapena ku mafakitale a ku Kanengo ku Lilongwe, kumene fodya amakakonzedwa asanatumizidwe kunja. Ntchito yake ndi ya miyezi yowerengeka. Ikatha amabwerera kumudzi, ndipo ndalama imene abwera nayo ndiyo imagula feteleza, malata ndi kulipira fizi ya ana ku sekondale. Ikachepa ku Kanengo, kuno kwa Lukwa timayimva m'nkhokwe chaka chotsatira.

Mwana wa mlongo wanga ndi mmodzi mwa anyamata oterewa. Wakhala akulembedwa pa fakitale ina, imene sindiitchula dzina, kwa nyengo zingapo. M'chaka cha 2024 anabwera kumudzi nkhope ili yakugwa. Nditamufunsa anati, "Amalume, chaka chino atibera." Ndinamuuza kuti akhale pansi afotokoze bwino, pakuti mawu oti kuba ndi aakulu.

Nkhani yake inali yotere. Zaka za m'mbuyomo ankagwira mashifiti awiri, usana ndi usiku, munthu aliyense maola 12 pa tsiku. Maola anayi a pamwambawo ankalipidwa ngati ovataimu. Chaka chimenecho mabwana anasintha, anaika mashifiti atatu a maola 8, nalemba anthu ena owonjezera. Ovataimu inatha. Koma fodya atachuluka pakati pa nyengo, akapitawo anayambanso kuuza anthu kuti atsalire akamaliza shifiti, ena kubwera ngakhale pa tsiku lawo lopuma. Pakutha pa mwezi anapeza kuti maola ena sanawerengedwe konse, ena alipidwa pa mtengo wa ola wamba. Antchito anakwiya. Anafuna chipukuta misozi cha ndalama zonse zimene akanalandira mashifiti akanapanda kusintha. Mabwana anayankha kuti ovataimu si ufulu wa munthu, choncho palibe ngakhale tambala yoti apereke.

Nditamvetsera ndinaona kuti mbali zonse ziwiri zaphatikiza nkhani ziwiri zosiyana mu mphika umodzi. Pali maola amene munthu anagwira koma sanalipidwe moyenera. Palinso maola amene munthu ankayembekezera kugwira koma sanapatsidwe. Antchito amafuna zonse ziwiri, mabwana amakana zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake mikangano yotere imatenga nthawi popanda wopindula.

Ndiyambe ndi maola amene munthu wagwira. Pamenepa lamulo silizungulira. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu. Gawo 39 la lamuloli limagawa ovataimu patatu. Munthu akapitiriza ntchito pa tsiku wamba, ola lililonse la pamwamba alipidwe mtengo wa ola limodzi ndi theka. Akagwira pa tsiku lake lopuma, alipidwe kawiri. Akagwira pa tsiku la tchuthi cha boma, alipidwenso kawiri. Iyi si mphatso yochokera mu mtima wabwino wa bwana. Ndi ngongole, monga ngongole ina iliyonse, ndipo bwana amene sapereka waphwanya lamulo.

Tsopano tiyeni tilowe m'kalasi pang'ono. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K90,000 pa mwezi. Tigawe ndalamayi ndi masiku 26 ogwira ntchito, tipeza K3,461 pa tsiku. Tigawenso ndi maola 8, tipeza pafupifupi K433 pa ola. Ndiye kuti ola la ovataimu pa tsiku wamba ndi K649, ndipo pa tsiku lopuma kapena la tchuthi ndi K865. Munthu wogwira maola anayi a pamwamba masiku 6 pa sabata wagwira maola 24 a ovataimu, omwe ndi K15,576. Pa masabata anayi ndalamayi ipitirira K62,000. Bwana akalipira maola 24 amenewa pa mtengo wamba, wantchito wataya pafupifupi K5,200 pa sabata imodzi yokha. Muchulukitse ndi miyezi ya nyengo yonse, muchulukitsenso ndi chiwerengero cha anthu a pa shifiti imodzi, muona nokha kuti si ndalama yamasewera.

Masamu amenewa mwana wa Sitandade 7 angawachite. Chimene chimagwetsa ana athu ndi umboni. Mnyamata wanga ndi anzake atapita kukadandaula ku ofesi ya za ntchito, funso loyamba limene anafunsidwa linali lakuti, munagwira maola angati, masiku ake ati? Onse anayang'anana. Wina anati ambiri ndithu. Wina anati pafupifupi mwezi wonse wa Julaye. Buku lolembamo nthawi yolowa ndi yotuluka linali kwa kalaliki wa kampani. Timapepala ta malipiro ena anataya, ena anakulungira mtedza. Mwa gulu lonselo panali mayi mmodzi yekha amene anatulutsa kope la ana a sukulu m'mene ankalemba tsiku lililonse: tsiku, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ndi kapitawo amene anamuuza kuti atsalire. Nkhani ya mayiyo sinavute kuimva, ndipo analandira zake. Mnyamata wanga analandirako pang'ono pa masiku amene anagwira limodzi ndi mayiyo. Zina zonse zinapita ndi mphepo.

Ndinamufunsa kuti, kodi iwe si uja ndinakuphunzitsa kulemba deti pamwamba pa tsamba tsiku lililonse? Anangoweramitsa mutu. Sindinamudzudzule kwambiri chifukwa vutoli si la iye yekha. Ife anthu a kumudzi tinazolowera kupangana pakamwa. Pa ganyu timaloza ndime, timagwirizana mtengo, pamakhala mboni zoona ndi maso. Ku fakitale kulibe ndime yoloza. Ola likadutsa silisiya mzere pansi. Ngati sunalilembe, latsala m'buku la bwana lokha, ndipo mbuzi siingapambane mlandu pamene wosunga buku ndi fisi. Sindikunena kuti makalaliki onse ndi osakhulupirika ayi. Ngakhale wokhulupirika amalakwitsa, ndipo iwe ungamukonze bwanji ulibe chako cholemba?

Ndifike tsopano pa nkhani yachiwiri, ya maola amene munthu sanapatsidwe. Pamenepa ndilankhula zimene ana athu sakonda kumva. Lamulo limanena mtengo wa ovataimu ikagwiridwa, koma silikakamiza bwana kuti azipereka ovataimu chaka chilichonse. Ngati kampani yaona kuti ilembe anthu ambiri m'malo mogwiritsa ochepa maola 12, n'kovuta kuti wina apite ku bwalo kukafuna ndalama ya thukuta limene sanakhetse, pokhapokha ngati zinalembedwa mu mgwirizano wake wa ntchito kapena mu mgwirizano wa pakati pa kampani ndi bungwe la antchito. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malipiro a pa mwezi ndiye fodya wa pamphuno. Ovataimu ya chaka chamawa ndi wapachala.

Ndiponso tisaiwale chifukwa chimene ovataimu inakhalira yokwera mtengo. Antchito a ku Chicago ku America ananyanyala ntchito mu May 1886 pofuna kuti tsiku la ntchito likhale la maola 8, ndipo ena anafera zomwezo. Tchuthi chimene timapuma pa 1 May chimakumbukira iwowo. Mu 1919 bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linapanga pangano lake loyamba, ndipo linali la maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata m'mafakitale. Cholinga chokweza mtengo wa ola la pamwamba chinali choti bwana aziganiza kawiri asanamutsalitse munthu wotopa. Maola 12 masiku 6 ndi maola 72 pa sabata, munthu ali chiimire m'fumbi la fodya. Amene tinaonapo anyamata akubwera kumudzi akutsokomola, ataonda, tikudziwa kuti ndalama imeneyo imabwera ndi mtengo wake. Komanso shifiti yachitatu ija inapatsa ntchito ana a anthu ena amene akanakhala pakhomo.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu akulira atamuchotsera goli lotere? Yankho lili m'masamu aja. Wolandira K90,000 akawonjezera K62,000 ya ovataimu amafika pa K152,000. Ovataimu ikatha, wataya magawo awiri mwa magawo asanu a ndalama imene anazolowera. Lendi ya kachipinda ku Mgona kapena ku Area 25 sitsika chifukwa choti mashifiti asintha. Wakatapila amene anamukongoza podalira ovataimu sadziwa za mashifiti. Mkazi kumudzi anawerengera kale matumba a feteleza. Munthuyo sakulirira maola 12. Akulira chifukwa malipiro a maola 8 sakukwana kudyetsa banja, ndipo ovataimu ndiyo inkaphimba bala limeneli. Chigamba chitachoka, bala laonekera.

Onani mmene zinthu zayendera. Mu January 2021 malipiro otsikitsitsa anafika pa K50,000. Mu May 2022 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Malipiro anakwera kufika K90,000 mu 2024, kenaka K126,000 mu 2025. Pa pepala ndalama ikuoneka yambiri, koma aliyense amene amagula sopo, shuga, mafuta ophikira ndi feteleza akudziwa kuti mitengo imathamanga pa njinga pamene malipiro akuyenda wapansi. Chonsecho fodya amagulitsidwa m'madola. Kwacha ikagwa, wogulitsa fodya kunja amapeza ma Kwacha ochuluka pa dola iliyonse, pamene wonyamula mabelo amalandira Kwacha yomweyo yofookayo. Kodi pamenepa n'kulakwa kupempha kuti malipiro enieni a pa mwezi akwere, m'malo modalira maola a usiku?

Kwa mabwana ndinene izi. Ngakhale lamulo likulolani kusintha mashifiti, umunthu umafuna kuti muwauze anthu nthawi isanathe. Mnyamata wanga anamva za kusinthaku atafika kale ku Lilongwe, atalipira kale lendi, atasiya kale munda. Mukanawauza pa tsiku lowalemba kuti chaka chino kulibe ovataimu, aliyense akanasankha yekha. Ndipo simungathe kunena ndi pakamwa pomwepo kuti ovataimu yatha, kenaka n'kumatuma kapitawo madzulo kuti anthu atsalire. Ngati yatha, belu likalira anthu aziweruka. Ngati mwawatsalitsa, lipirani monga lamulo linenera. Lamulo lomwelo limakuuzani kuti pa malipiro alionse muzipereka kapepala kosonyeza ndalama yonse, zimene mwadula ndi zotsala. Onjezanipo mzere woonetsa maola a ovataimu ndi mtengo wake. Inki ya mzere umodzi siingagwetse kampani, koma ingathetse mikangano yambiri isanabadwe.

A Mkonzi, ndalankhula za ku Kanengo, koma vuto lomweli lili pakhomo pathu pano m'maesiteti a ku Kasungu, ndipo kuno n'loipa kuposa. Nthawi yosoka, yosankha ndi yodinda fodya anthu amakhala m'zigafa mpaka usiku, nyali ili pambali, kuti mabelo apeze lole ya m'mawa. Ambiri mwa iwo mawu oti ovataimu sanawamvepo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa ulimi wa matenanti, uja woti banja lonse ligwire chaka chathunthu likudya pa ngongole kenaka n'kulipidwa fodya akagulitsidwa. Tinayamika, chifukwa unali mphwake wa thangata amene makolo athu anadana naye. Koma ngati amene anali tenanti tsopano ndi wantchito wolandira malipiro, ndiye kuti maola ake nawonso ayenera kuwerengedwa, ndipo gawo 39 lija likumukhudza. Lamulo silinanene kuti ndi la anthu a m'tauni okha.

Achinyamata ena amati njira ndi imodzi, kunyanyala ntchito ndi kuswa mawindo. Ife amene tinalipo mu 1992 tikukumbukira. Mu March chaka chimenecho maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata imene mwa zina inadandaula za malipiro ochepa a anthu osauka. Mu April a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu May antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro, zipolowe zinafalikira, ndipo anthu ambiri anaphedwa. Nthawi imeneyo kunalibe khomo logogoda. Magazi amenewo ndi amene anathandiza kuti tikhale ndi riferendamu ya 1993, malamulo aakulu a dziko a 1994 amene gawo 31 limapatsa munthu ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera, ndiponso lamulo la 1996 limene linakhazikitsa bwalo la milandu ya za ntchito. Lero makomo alipo: ofesi ya za ntchito pa boma, bungwe la antchito, ndi bwalolo. Kunyanyala ndi ufulu ndithu, koma kuli ndi ndondomeko yake, ndipo kuyambira mu 2021 lamulo limalola bwana kudula malipiro a wonyanyala akapitirira masiku atatu pa chaka. Munthu wa ntchito ya miyezi yochepa aganize bwino asanaponye mwala. Kope ndi bolopeni zimapweteka bwana wachinyengo kuposa mwala.

Choncho ndili ndi mapempho angapo.

Kwa inu ana anga opita ku mafakitale ndi ku maesiteti: pogula sopo ndi mchere wa paulendo, gulaninso kope. Tsiku lililonse lembani deti, nthawi yolowa, nthawi yoweruka, ndi amene wakuuzani kuti mutsalire. Wosadziwa kulemba apemphe mnzake, ndipo awiri kapena atatu muzisainirana. Amene muli ndi foni zojambula, jambulani kapepala ka malipiro mwezi uliwonse, ndipo kenikeniko kasungeni m'pulasitiki. Pa tsiku lolembedwa funsani mwaulemu kuti malipiro ndi angati, maola ndi angati, ovataimu ilipo kapena ayi, ndipo pemphani kuti zilembedwe. Safunsa anadya phula. Mukaona kuti ndalama yapelewera, dandaulani mwezi womwewo, musadikire kuti nyengo ithe aliyense abalalike. Ndipo pokonza za pakhomo muziwerengera malipiro a pa mwezi okha. Ovataimu ikabwera igule mbuzi kapena malata, isakhale chikole cha katapila.

Kwa a mabungwe a antchito, a MCTU ndi a TOAWUM amene amaimira antchito a fodya: antchito a nyengo amaopa kulankhula chifukwa akudziwa kuti chaka chamawa dzina lawo likhoza kusowa pa mndandanda. Mutu umodzi susenza denga. Afikireni nyengo isanayambe, muwaphunzitse masamu a ovataimu m'Chichewa, ndipo pokambirana ndi makampani muike mtima pa malipiro enieni a pa mwezi ndi pa kudziwitsa anthu msanga zinthu zikamasintha.

Kwa a unduna wa za ntchito: tikupempha kuti oyendera malo a ntchito azifika nthawi imene fodya wachuluka, ngakhale madzulo, chifukwa ovataimu siichitika 10 koloko m'mawa. Tikupemphanso kuti gawo la lamulo lonena za maola ndi ovataimu limasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, limatidwe pa geti la fakitale ndi esiteti iliyonse, ndipo liziwerengedwa pa wailesi msika ukamatsegulidwa.

Kwa mafumu athu ndi atsogoleri a mipingo: pa misonkhano ya m'midzi timalengeza za katemera ndi za makuponi. Tiwonjezepo nkhani iyi mwezi wa March, ana asananyamuke.

Ndipo kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali pa choko: pophunzitsa kugawa ndi kuchulukitsa, siyaniko nthawi zina malalanje ndi mango a m'buku. Apatseni ana funso la munthu wolandira K126,000 pa mwezi amene wagwira maola 10 a pamwamba. Ambiri mwa ana amenewo sadzafika ku yunivesite, koma pa geti la fakitale adzafikapo. Ine ndinaphunzitsa mwana wa mlongo wanga masamu onse a m'silabasi, koma sindinamuuzepo kuti tsiku lina adzawafuna poteteza thukuta lake. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikuvomera.

Chaka chotsatira ponyamuka anabwera kudzatsazika. Ndinalibe ndalama yomupatsa ya pa njira. Ndinamupatsa kope latsopano nditalemba kale mizere inayi pa tsamba loyamba: tsiku, kulowa, kutuluka, wondituma. Anaseka, nati, "Amalume, simudzasiya uhedimasitala." Koma analitenga, ndipo atabwerako linali lodzaza.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Kwa Lukwa,
Kasungu.